Difu Ikulira Mutaika Magiya Atsopano: Kupeza Gwero la Phokoso pa Galimoto ya 4x4

Nkhani yake imayamba mofanana pafupifupi nthawi zonse. Munthu waika matayala akuluakulu, a mainchesi 33 kapena 35, galimoto yayamba kulemera pokwera mtunda, ndiye aganiza zosintha magiya a m'difu, bokosi la magiya la pakati pa mawilo limene limapereka mphamvu ku mawilowo. Achotsa a 4.10, aika a 4.88 kapena 5.29. Nambalazi ndi ratio: zimanena kuti propshaft, mpaipi wobweretsa mphamvu ku difu, imazungulira kangati wilo likazungulira kamodzi. Mphamvu yabwerera ndithu, koma pochoka ku galaja kukumveka kaphokoso kamene kale kunalibe. Akafunsa, amamuuza kuti magiyawo ndi atsopano, azolowerana, phokoso litha lokha.

Yankho limeneli lawonongetsa magiya ambiri. Crown wheel, giya yaikulu ya m'difu, ndi pinion, giya yaing'ono imene imaizungulitsa, zimazolowerana pa makilomita oyambirira, inde, koma zimazolowera pomwe zaikidwapo. Mano akamakhudzana polakwika amadyana polakwikapo, ndipo akadyana mokwanira, ngakhale makaniko waluso atadzakonza miyezo yonse, kulira kuja sikuchokanso. Kuwongola mtengo mpoyamba. Phokoso limene mwalimva sabata yoyamba lifufuzidwe sabata yomweyo.

Poika magiya pamakhala miyezo inayi, ndipo maphokoso ambiri amachokera pa umodzi mwa iyo: kuzama kwa pinion, kampata ka pakati pa mano kamene amakaniko amati backlash, kuthina kwa ma bearing a pinion, ndi kuthina kwa ma bearing a carrier, chitsulo chimene crown wheel imamangidwapo. Kuthina kumeneku dzina lake ndi preload.

Yambani ndi kumvetsera, sipanala ibwera pambuyo

Pezani msewu wa tala wosalala, tsekani wailesi, ndipo muyende kaye mphindi zingapo kuti oyilo afunde. Kenako, pa liwiro limene phokoso limamveka kwambiri, chitani zinthu zinayi izi chimodzichimodzi:

- Pondani moto pang'onopang'ono galimoto ikukoka.
- Gwirani liwiro limodzimodzi, osawonjezera, osachepetsa.
- Chotsani phazi pa moto, galimoto ili m'giya.
- Pa liwiro lomwelo sinthani giya, injini ikwere kapena itsike.

Phokoso la mano a m'difu limamvera phazi lanu: limabwera kapena kuzimirira mukaponda kapena kusiya moto. Limatsatanso liwiro la galimoto, osati la injini. Ngati lasintha pamene mwasintha giya koma liwiro lili lomwelo, yang'anani ku injini kapena ku giyabokosi. Musaiwale kuti ndi magiya atsopanowa injini ikuzungulira mofulumira kuposa kale pa liwiro lomwe lija, ndiye kwina mukungomva injini yanu yomwe.

Funso lachiwiri: kutsogolo kapena kumbuyo? Khutu limanama pa nkhaniyi, chifukwa phokoso limayenda m'chasisi n'kukatulukira pansi pa mpando. Pa galimoto yokhala ndi ma hub otsegula ndi dzanja, olumikiza mawilo akutsogolo ku difu, monga Hilux zakale ndi Land Cruiser 70 zambiri, tsegulani ma hub ndipo muike 2H, kuti mawilo akumbuyo okha ndiwo akoke. Difu yakutsogolo siizungulira. Phokoso likapitirira, ndi lakumbuyo. Pa galimoto imene mawilo onse anayi amakoka nthawi zonse, monga Defender yakale, njira yake ndi kuloka difu yapakati n'kuchotsa propshaft imodzi. Ikani chizindikiro pa flange, mbale imene propshaft imamangidwapo ndi mabawuti, musanamasule. Ndipo samalani: pa Defender yakaleyo handibuleki imagwira kumbuyo kwa transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, osati pa mawilo, choncho mukachotsa propshaft yakumbuyo osaloka pakati, galimoto imagubuduka mudakali kunsi kwake. Tsekerani mawilo ndi zopinga kaye.

Chizindikiro 1: Ikulira "wuuu" mukachotsa phazi pa moto

Ili ndilo dandaulo limene limabwera kawirikawiri, ndipo mwamwayi ndi limene limakonzeka msanga likagwidwa nthawi ilipo.

*Preload ya pinion yachepa.* Mano a magiya amenewa ndi okhota, ndiye galimoto ikamakoka amakankhira pinion mbali imodzi, mukasiya moto amaikokera mbali ina, kulowera ku crown wheel. Ma bearing akakhala othina bwino pinion siisuntha. Akalekerera ngakhale pang'ono, pinion imalowa mkati nthawi iliyonse mwasiya moto, n'kuyamba kuimba. Zimachitika pamene race, mphete imene bearing imagubuduzikapo, sinakhale pansi bwinobwino poiika ndipo yadzakhala galimoto itayenda, pamene nati ya pinion yabwerera, kapena pamene anagwiritsanso ntchito crush sleeve yakale, kapaipi ka pakati pa ma bearing awiri a pinion.

- Kuyeza kwake: galimoto ili pamalo athyathyathya, mawilo otsekereza, giya ili pa nyutulo, gwirani flange ya difu ndi manja awiri. Kankhani m'mwamba ndi pansi, kenako mkati ndi kunja. Isasunthe ngakhale pang'ono. Kuzungulira pang'ono kulibe vuto, koma kugwedera kwina kulikonse ndi vuto.
- Ngati siikugwedera, sizikutanthauza kuti preload ilipo yokwanira. Imayezedwa ndi torque wrench yaing'ono ya muvi pozungulitsa pinion yokha. Pa difu zambiri ma bearing atsopano amafuna pakati pa 1.5 ndi 3 Nm, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku la difu yanu.
- Kukonza kwake: crush sleeve yatsopano, nati yatsopano, seal yatsopano, n'kuthina pang'onopang'ono uku mukuyeza. Crush sleeve ndi kapaipi kamene kamafinyika kamodzi kokha. Mukathinitsa n'kubweza nati, kapaipiko katha ntchito.

Pali chizolowezi chomangogunda natiyo ndi impact gun mpaka phokoso litachepa. Nthawi zina limachepadi. Koma simudziwa kuti mwathina motani, ndipo bearing yothinitsitsa imapsa mwakachetechete. Amene amayenda m'miyala kawirikawiri amakonda kuika solid spacer, kapaipi kosafinyika, ndi mashimu, timawashala topyapyala, m'malo mwa crush sleeve, chifukwa flange ikamenya mwala, crush sleeve imatha kufinyika n'kutaya preload. Ine ndimagwirizana nawo.

*Mano akukhudzana polakwika ku mbali yosakoka.* Dzino lililonse la crown wheel lili ndi mbali ziwiri: yotumphuka, imene imanyamula katundu galimoto ikamakoka, ndi yolowa mkati, imene imagwira mukasiya moto. Makaniko wofulumira amayang'ana mbali yokoka yokha. Njira yoonera zimenezi ili m'munsimu, pa gawo la utoto.

*Backlash yakula.* Kawirikawiri zimachokera pa ma bearing a carrier amene sanathinidwe mokwanira.

Chizindikiro 2: Ikulira mukaponda moto, n'kukhala chete mukasiya

*Kuzama kwa pinion kwalakwika.* Apa ndi pamene ntchito zambiri zimagwera, chifukwa kusintha kuzama kumafuna kuchotsa pinion, kusintha shimu, kubwezeretsa zonse, n'kuyezanso, mwina katatu kapena kanayi. Wotopa amangobwezera shimu imene anapeza pa magiya akale n'kutseka. Shimu yakale ndi poyambira pabwino, koma si pomalizira. Kusiyana kwa 0.1 mm kokha kumamveka m'khutu.

*Backlash yachepa kapena yakula.* Pa difu zambiri za 4x4 imakhala pakati pa 0.13 ndi 0.25 mm, malinga ndi mtundu wa difu ndi amene anapanga magiyawo. Imayezedwa ndi dial gauge, kachipangizo ka muvi koyezera kusuntha kochepa kwambiri, pinion itagwiridwa kuti isasunthe, ndipo pa malo atatu kapena anayi kuzungulira crown wheel, osati pamodzi. Yochepa imalira mokweza komanso imatenthetsa difu, popeza oyilo amasowa polowa. Yokula imalira pamodzi ndi kugogoda.

*Carrier ikuthawa.* Ma bearing a carrier akapanda preload, crown wheel imakankhidwira kutali ndi pinion injini ikakoka mwamphamvu. Pa benchi miyezo imaoneka bwino, pamsewu imasokonekera. Ngati carrier imatuluka m'nyumba yake pongoikoka ndi dzanja, popanda kuikanula ndi chitsulo, preload palibe. Onaninso zivundikiro ziwiri za ma bearing: chilichonse chibwerere mbali yake ndiponso moyang'ana komwe chinayang'ana, chifukwa anazidula pamodzi ndi nyumbayo.

*Magiya anapsa pa ulendo woyamba.* Magiya atsopano amatentha kwambiri. Opanga ambiri amalangiza kuyenda mofatsa makilomita 25 mpaka 30, kuima kuti difu izizire, kubwereza kangapo, kupewa kukoka ngolo mpaka makilomita 800 atakwana, kenako kusintha oyilo. Amene anachoka ku galaja n'kuyamba ulendo wautali pa liwiro lalikulu, kapena kukoka katundu tsiku lomwelo, angathe kupeza mano atasanduka abuluu kapena atakalika. Amenewo sakonzeka.

Difu yakutsogolo ili ndi zake ziwiri. Choyamba, pa galimoto imene imayenda pa 2H, magiya akutsogolo sanyamula katundu mpaka mutaika 4H kuti mawilo onse anayi akoke, choncho makilomita 800 a pa tala sawathandiza kanthu. Amafuna kuwazoloweretsa paokha pa msewu wafumbi. Chachiwiri, pa difu yakutsogolo imene pinion yake imalowera m'munsi ndipo magiya ake ndi odulidwa mwa masiku onse, mbali imene imanyamula katundu popita kutsogolo ndi yolowa mkati ija. Zonse zimene tanena za mbali ziwiri za dzino zimatembenuka.

Kaphokoso kochepa kwambiri kamene kamamveka pa liwiro limodzi lokha, kosakula tsiku ndi tsiku, difu ikuzizira bwino, kangakhale khalidwe la magiyawo. Pinion ya 4.10 imakhala ndi mano 10, ya 4.88 ili ndi 8, ya 5.29 ili ndi 7, ndipo magiya ogula padera sakhala chete nthawi zonse ngati a ku fakitale. Ngatinso munachotsa ma bush a labala n'kuika olimba, kaphokoso kalikonse kamafika m'kabini. Koma mawu akuti "ndi khalidwe lake" anenedwe miyezo itayezedwa, osati isanayezedwe.

Kuwerenga utoto pa mano

Zizindikiro ziwiri zoyambirirazi zimathera pano. Pa difu ya chivundikiro kumbuyo, monga Dana 44, mumangokhetsa oyilo n'kuchotsa chivundikirocho. Pa difu ya Toyota ya mainchesi 8, muyenera kusolola ma half shaft, zitsulo zochokera m'difu kupita ku mawilo, n'kutulutsa mutu wonse wa difu.

Pukutani mano auma, pakani utoto wachikasu woyezera magiya pa mano anayi kapena asanu, mbali zonse ziwiri, pa malo awiri osiyana. Zungulitsani kupita kutsogolo ndi kumbuyo kangapo, wina akugwira crown wheel ndi nsanza kuti ilemere. Mukazungulitsa mopepuka, utoto sukuuzani zoona. Kenako yang'anani pamene utoto wafufutika.

- Pabwino: pafufutika pakati pa nsonga ndi tsinde la dzino, m'mbali mwake mozimirira pang'onopang'ono, osafika m'mphepete. Kupendekera pang'ono ku mapeto a mkati a dzino si vuto, chifukwa katundu akalemera chidindocho chimafalikira kunja.
- Pafufutika kutsinde, ndi mzere wakuthwa pansi: pinion yalowa kwambiri.
- Pafufutika kunsonga, ndi mzere wakuthwa pamwamba: pinion ili kutali, iyenera kulowa.
- Pathawira ku mapeto akunja a dzino: kawirikawiri backlash yakula. Ku mapeto a mkati: yachepa.

Chofunika kwambiri ndi kukwera kapena kutsika kwa chidindo pa dzino, chifukwa ndiko kumanena za kuzama. Pa Dana ndi Toyota, shimu yokhuthala imalowetsa pinion mkati. Pa difu ya Ford ya mainchesi 9 ndi zosemphana, popeza shimu yake imakhala kunja, pakati pa nyumba ndi chonyamulira pinion. Mukasintha kuzama, backlash yasinthanso, ndiye iyezedwe mwatsopano.

Magiya akayenda mtunda wautali, mbali yokoka imasalala ndipo utoto umavuta kuwerenga. Pamenepo amakaniko amadalira mbali inayo. Ndi chifukwa chinanso chosazengereza.

Chizindikiro 3: Kuguguda kosalekeza, kosamvera phazi

Phokoso lake lili pansi, ngati mwala ukugubuduzika m'mgolo, ndipo limakula ndi liwiro, muponde moto kapena musaponde.

- Matayala. Ambiri amaika magiya ndi matayala a m'matope sabata imodzi, kenako n'kunamizira difu. Chokani pa tala mulowe pa fumbi losalala. Phokoso likasintha ndi msewu, ndi matayala.
- Bearing ya wilo. Yendetsani galimoto mokhotakhota pang'ono pamalo opanda anthu. Likakula mukakhotera mbali imodzi n'kuchepa mukakhotera ina, ndi bearing ya wilo. Mwina inali yotopa kale, kapena inavulala posolola half shaft.
- Ma bearing a carrier. Amavulala akamenyedwa ndi hamala powaika, kapena akasiya akale pofuna kupulumutsa ndalama.
- Ma bearing a pinion. Kulira kwake n'kokwera kuposa kwa a carrier chifukwa pinion imazungulira mofulumira kanayi kapena kasanu. Nthawi zambiri mphuno ya difu, pafupi ndi flange, imatentha kuposa mbali zina.

Zinyalala zotsala m'nyumba ya difu zimapha bearing yatsopano msanga. Ngati magiya akale anasweka, tizidutswa tawo timabisala m'mapaipi a axle n'kudzatsika ndi oyilo.

Chizindikiro 4: Kugogoda kobwerezabwereza, "kho... kho... kho"

Apa masamu amathandiza. Tayala la mainchesi 33 limayenda pafupifupi mamita 2.6 likazungulira kamodzi. Yendani pang'onopang'ono, mnzanu akuyenda pambali pa galimoto, atalemba choko pa tayala.

- Kugogoda kamodzi tayala likazungulira kamodzi: vuto lili pa crown wheel, carrier, kapena wilo lenilenilo.
- Kugogoda pa theka la mita lililonse, pafupifupi kasanu pa kuzungulira kumodzi kwa tayala ndi magiya a 4.88: vuto lili pa pinion kapena propshaft.

Zoyambitsa zake, kuyambira chofala: dzino linagumuka kapena kutupa pang'ono pamene giya inagwa pansi kapena kugundidwa poiika, crown wheel sinakhale mofanana pa carrier chifukwa cha kachitsotso kapena kachitsulo kotumphuka kumbuyo kwake, bawuti la crown wheel likumasuka ndipo mutu wake ukukhudza nyumba. Crown wheel yopendama imadziwika poyeza backlash, chifukwa nambala zimasiyana kwambiri malo ndi malo. Dial gauge ikaikidwa kumsana kwake, kupendama kusafike pa 0.1 mm.

Kotupa kakang'ono pa dzino kamasalazidwa ndi mwala wonolera wosalala. Dzino lothyoka likufuna magiya ena. Bawuti lomasuka ndi ngozi: likagwera pakati pa mano, limaboola nyumba kapena kumanga mawilo galimoto ikuthamanga. Musanafike kutaliko, onani kaye manati a mawilo ndi kamwala kolowa m'tayala.

Chizindikiro 5: "Gu!" ponyamuka, posintha giya, kapena poponda ndi kusiya moto

- Mabawuti a propshaft sanathinidwe, kapena universal joint, mfundo yopindika ya propshaft, yatha. Onani izi poyamba, chifukwa sizifuna kutsegula kanthu.
- Mabawuti a suspension amene anamasulidwa pogwira ntchito, monga ma U-bolt ndi a ma control arm.
- Nati ya pinion yamasuka. Bwererani ku chizindikiro choyamba.
- Backlash yakula kwambiri.
- Locker yodziloka yokha, chipangizo chomanga mawilo awiri kuti azizungulira limodzi. Ngati inaikidwa limodzi ndi magiya, kugunda kumeneku ndi chibadwa chake.

Anthu ambiri amapotoza flange ndi dzanja, n'kuona kuti ikuyenda ndithu isanagwire, basi n'kunena kuti backlash yachuluka. Mpata umene mukumva pamenepo ndi wa zinthu zambiri pamodzi: mano a crown wheel, timagiya ting'onoting'ono ta m'carrier, ndi ma spline a half shaft. Dzanja siliyeza 0.2 mm.

Chizindikiro 6: Phokoso pokhota pokha

Crown wheel ndi pinion sizidziwa kuti galimoto ikukhota. Phokoso lomveka pakona pokha limachokera kwina.

*Difu ya limited slip yasowa mankhwala ake.* Iyi ndi difu yoletsa wilo limodzi kuzungulira lokha pachabe. Ya ma clutch plate imafuna oyilo wolembedwa LS kapena kuthiramo friction modifier. Popanda zimenezi imanjenjemera n'kumalira "gwe gwe gwe" pokhota pang'onopang'ono. Thirani mankhwalawo, kenako zungulirani mojambula nambala 8 kangapo pabwalo kuti alowerere. Za magiya okhaokha, monga Torsen ndi Truetrac, sizifuna mankhwalawa.

*Locker sinamasuke.* Ya mpweya kapena ya magetsi ikakakamira, tayala lamkati limakhukhuluzika pakona ndipo galimoto imakana kukhota. Yodziloka yokha imalira "tcha tcha tcha" pakona, ndipo palibe chokonza pamenepo.

*Galimoto ili pa 4H pa tala, kapena magiya akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana.* Zoika 4.88 kumbuyo ndi 4.56 kutsogolo zimachitika, makamaka mabokosi akasokonezeka. Galimoto imalemera, imadumphadumpha, ndipo ndodo ya 4x4 imakana kutuluka. Kuyeza kwake n'kosavuta. Pa difu wamba, kwezani wilo limodzi, lizungulitseni kawiri ndendende, n'kuwerenga kuzungulira kwa propshaft: nambalayo ndiyo ratio. Pa difu yoloka kapena ya limited slip, kwezani mawilo onse awiri ndipo azungulire kamodzi limodzi. Ngati difu mwaitsegula kale, werengani mano a crown wheel ndi a pinion: 41 ndi 10 ndi 4.10, 41 ndi 9 ndi 4.56, 39 ndi 8 ndi 4.88, 37 ndi 7 ndi 5.29. Zikasiyana, musaikenso 4x4 mpaka zitakonzedwa, apo ayi transfer case ndiyo ilipire.

Chizindikiro 7: Kunjenjemera pa liwiro lalikulu

Magiya salakwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Chimene chasintha ndi liwiro la propshaft. Ndi matayala a mainchesi 33, pa makilomita 100 pa ola, magiya a 4.10 amaizungulitsa pafupifupi ka 2,600 pa mphindi, a 4.88 pafupifupi ka 3,100. Kachilema kamene kale kamabisala kumtunda, pa liwiro limene simumafikako, tsopano katsikira pa liwiro la masiku onse.

- Propshaft sinabwerere mmene inalili pa flange, kapena zigawo zake ziwiri zinalowetsedwa mosemphana.
- Universal joint yauma kapena yagwedera.
- Galimoto inakwezedwa, ndipo propshaft yapendekera kwambiri poyerekeza ndi pinion.
- Flange inapindika poichotsa ndi hamala.
- Propshaft inakhula mwala, kapena kachitsulo ka balansi kanagwa.

Kunjenjemera kwa matayala kumakhala kochedwa, kogwedeza mpando kapena chiwongolero. Kwa propshaft kumakhala kofulumira, kochititsa dzanzi kumapazi ndi kusokoneza galasi loonera kumbuyo.

Chizindikiro 8: Kutentha, fungo lopserera, kudontha

Kutentha kumayenda ndi phokoso kawirikawiri, ndipo kumakuuzani ngati nkhaniyo ndi yachangu. Dzanja silithandiza, chifukwa chitsulo cha madigiri 60 chimawotcha kale, pamene difu yabwinobwino imapitirira pamenepo. Gwiritsani ntchito thermometer yoloza patali. Ikayandikira madigiri 120, imani, izizire.

- Oyilo wachepa. Pamalo athyathyathya afike pakamwa pa bowo lothirira. Onaninso mutayenda ulendo woyamba, chifukwa wina amalowa m'mapaipi a axle.
- Oyilo ndi wolakwika. Magiya amenewa amafuna GL-5, monga 80W-90 kapena 85W-140, malinga ndi buku.
- Preload yachuluka kapena backlash yachepa.
- Mphuno ya difu inatukulidwa kwambiri pokweza galimoto, ndiye bearing yakunja ya pinion ikusowa oyilo.
- Kapaipi kopumira difu katsekeka ndi matope, mpweya ukukankha oyilo pa ma seal.

Pokhetsa oyilo woyamba, muyang'anitsitseni. Kuda kapena kutuwa si vuto, chifukwa magiya ambiri atsopano amabwera ndi chokutira chakuda chimene chimasuluka. Phala losalala pa maginito a pulagi ndi labwinobwino. Tizidutswa tonyezimira timene mukutimva pakati pa zala ndi nkhani ina. Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, zimene zimachitika difu yotentha ikamira powoloka mtsinje.

Pamene muyenera kuima

Musayendetsenso galimoto, ikokedwe kapena inyamulidwe, ngati:

- flange ya pinion ikugwedera;
- phokoso likukula pa ulendo umodzi womwewo;
- kugogoda kwayamba mwadzidzidzi, kapena mawilo akumangika n'kumasuka;
- mu oyilo muli tizidutswa ta chitsulo;
- difu ikubwerera ku madigiri 120 ngakhale mukuyenda mofatsa;
- oyilo wafika pa mabuleki.

Kumvetsera, kugwedeza flange, kuona oyilo, kuthina mabawuti a propshaft ndi kuwerenga ratio mungathe nokha. Kuzama kwa pinion, preload ndi backlash zimafuna dial gauge, micrometer, torque wrench yaing'ono, pulesi, ndi munthu amene anazichitapo kambirimbiri. Makaniko wodziwa injini sikuti ndi wodziwanso difu. Mufunseni ngati ali ndi zipangizo zimenezi, ndipo akayankha kuti amayeza ndi khutu, pitani kwina. Musalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yekha, ndipo musalize injini ili m'giya wilo limodzi lili m'mwamba ngati difu ndi yoloka kapena ya limited slip, chifukwa wilo lapansi limakoka n'kugwetsa galimoto.

Pobwerera kwa amene anaika magiyawo, musangoti difu ikulira. Nenani liwiro lake, ngati ndi poponda kapena posiya moto, ngati ma hub anali otsegula, kutentha kumene munayeza, ndi makilomita amene mwayenda chiikireni. Pemphani nambala za backlash ndi preload zimene anasiya, ndi zithunzi za utoto mbali zonse ziwiri za dzino. Akatsegulanso, khalani pomwepo muone nokha, chifukwa opanga magiya ambiri sabweza katundu amene wapsa kapena waikidwa molakwika, ndiye zithunzizo ndi zimene zimasonyeza wolakwa.

Zikafika pogula ena, crown wheel ndi pinion zimasinthidwa limodzi, popeza anazinolera pamodzi ku fakitale ndipo zimakhala ndi nambala yofanana yolembedwa pa chilichonse. Ma bearing, crush sleeve, nati ya pinion ndi mabawuti a crown wheel zikhalenso zatsopano, ndipo nyumba yonse itsukidwe mpaka m'mapaipi a axle, nsanza yoyera ituluke yoyera, magiya ena asanalowemo.